Fupa la phewa lopindika ngati mbedza: kodi ndi lomwe likung'amba mtsempha?

Funso: Ndine mmisiri wa matabwa wa zaka 56, ndimakhala ku Chibavi konkuno ku Mzuzu. Ntchito yanga yambiri ndi yokhoma madenga ndi siling'i. Kwa miyezi inayi tsopano phewa lakumanja likundiwawa ndikamakweza mkono, ndipo usiku sindingaligonere. Sindinagwe, zinangoyamba zokha. Atandijambula X-ray anandiuza kuti fupa la pamwamba pa phewa ndi lopindika ngati mbedza, ndiye likukhula mtsempha, mwina mpaka laung'amba. Mnzanga yemwe anakhalako ku Joni akuti kumeneko amangolipala fupalo, munthu n'kuchira. Kodi ndinabadwa nalo chonchi? Ndiyambe kusonkhanitsa ndalama za opaleshoni?

Yankho: Bambo, za ndalama za opaleshonizo dikirani kaye. Zomwe anakuuzani pojambula paja si bodza, fupa lopindika lilipodi ndipo m'mabuku athu linalembedwa. Koma zoti mbedzayo ndiye mpeni womwe ukucheka mtsempha, ife tomwe tinkazikhulupirira ndi mtima wonse kale, lero tikuzikayikira kwambiri. Mwamwayi ndinu wa madenga, ndiye sitivutana, chifukwa phewa nalonso lili ndi denga lake komanso khonde lake.

Mukamasenda mbuzi, pamwamba pa mwendo wakutsogolo mumapeza fupa lathyathyathya la ngodya zitatu, lokhala ndi mzere wotukuka pakati. Munthu nayenso ali nalo kumbuyo kwa nthiti, ndipo kuchipatala timalitchula scapula. Pangodya yake yakunja pali kambale kosaya pomwe mutu wa fupa la mkono umakhala. Kambaleko n'kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi mutuwo, ngati mwakhazika lalanje pa chitsekerero cha chigubu. N'chifukwa chake mkono umazungulira mbali zonse, pomwe mwendo, womwe unalowa m'dzenje lakuya la m'chiuno, sungatero. Tsono chinthu chongokhazikidwa pamwamba chonchi chimafuna zochigwira, ndipo zochigwirazo ndi minofu inayi yomwe imayambira pa scapula n'kukathera pa mutu wa fupa la mkono: supraspinatus pamwamba, infraspinatus ndi teres minor kumbuyo, subscapularis kutsogolo. Kumapeto kwake minofuyi imasanduka zingwe zoyera zolimba, zija zimakanika kutafunika mu nyama, ndipo zingwezo zimagwirana n'kuukuta mutu wa fupa ngati chipewa. Zonse pamodzi ndiye rotator cuff. M'Chichewa mawu oti mtsempha timatchulira zinthu zambiri, wa magazi womwe, koma pano ndikati mtsempha ndikunena chingwe choyera chimenechi. Chomwe chimakonda kung'ambika ndi cha supraspinatus.

Mzere wotukuka wa pa scapula uja umapitirira n'kudzatulukira pamwamba pa phewa. Gwirani kunsonga kwa phewa lanu, fupa lolimba lomwe mukulimvalo ndi limenelo, dzina lake acromion. Ndilo denga lija. Pakati pa dengali ndi mutu wa fupa la mkono pali mpata wa sentimita imodzi kapena kuposerako pang'ono, ndipo mumpata umenewu ndi momwe mtsempha wa supraspinatus umadutsa, utafundidwa ndi kathumba koterera kotchedwa bursa.

Mu 1972 dokotala wa mafupa wa ku New York, Charles Neer, analemba kuti munthu akamakweza mkono, mtsempha umakhulana ndi kunsi kwa acromion, ndipo zaka zikamapita umaperepeseka ngati chingwe cha pachitsime chomwe chimadutsa pa mlomo wa simenti. Mankhwala ake, iye anati, ndi kupala kunsi kwa fupalo kuti mpata ukule. Mu 1986 Louis Bigliani ndi anzake anayeza mapewa 140 a anthu omwalira n'kugawa acromion m'mitundu itatu: lathyathyathya, lokhota pang'ono, ndi lopindika ngati mbedza. Anapeza kuti mwa mapewa omwe mtsempha unali utabookeratu, pafupifupi 7 mwa 10 alionse anali a mbedza. Nkhaniyi inamveka bwino, inali yosavuta kufotokozera wodwala, ndipo opaleshoni yopala fupa inafalikira m'maiko a azungu mpaka kukhala imodzi mwa zochitika kwambiri pa phewa. Mawu omwe munamva pojambula paja gwero lake ndi limeneli, ndipo a mnzanu wa ku Joni chimodzimodzi.

Kenako zokayikitsa zinayamba kutuluka chimodzichimodzi.

Choyamba chikuyankha funso lanu loti munabadwa nalo kapena ayi. Kapangidwe ka fupa lonse, kutalika kwake ndi kupendekeka kwake, ndi kachibadwa, monga mphuno. Koma kansonga kopindikako nthawi zambiri ndi kanyanga komwe kamamera munthu akamakula, pamalo pomwe chingwe china chochokera ku fupa lakutsogolo, lotchedwa coracoid, chimamangirira pa acromion. Chingwecho chikamakokedwa kwa zaka zambiri, potsinde pake pamasanduka fupa. Mwa achinyamata mbedza yeniyeni sipezekapezeka. Ndiye ganizirani izi: mtsempha ukafooka, mutu wa fupa la mkono umayamba kukwera n'kumakankha dengalo, chingwe chija n'kumakokedwa, kanyanga n'kumera. Zikatero mbedza ndi mwana wa vutolo osati kholo lake. Kupeza phulusa pamalo pomwe nyumba yapsa sikutanthauza kuti phulusalo ndi lomwe layatsa moto.

Chachiwiri mukuchidziwa bwino kundiposa. Thabwa mukaliyang'ana chakumbali limaoneka lowongoka, mukalitsinzinira diso kuchokera kumapeto ndiye mumaona kukhota. X-ray nayo ndi mthunzi chabe. Wojambula akapendeketsa makina pang'ono, kapena inu mukapotoka pang'ono chifukwa cha ululu, fupa lokhota limatha kuoneka la mbedza. Madokotala angapo akapatsidwa chithunzi chimodzi kuti anene mtundu wa acromion, amatsutsana kawirikawiri. Komanso, ndipo ichi muchigwiritse, X-ray sionetsa mtsempha. Imaona mafupa okha. Mawu oti "mwina laung'amba" anali ongoganizira, ndipo mwina ndi oona, koma chithunzicho sichinganene. Chokha chomwe X-ray ingatinong'oneze ndi pamene mpata wa pansi pa denga uja wachepa kufika pansi pa mamilimita 7, apo timaganiza kuti mtsempha unang'ambika kwambiri kalekale ndipo mutu wa fupa wakwera.

Chachitatu n'chomwe chinandigwira mtima ine nditangochimva. Chikanakhala kuti denga ndi lomwe likukhula, mtsempha ukanayamba kuperepeseka pamwamba, mbali yoyang'ana dengalo. Koma ming'alu yambiri yosabookeratu imayambira kunsi, mbali yoyang'ana mfundo ya phewa, pomwe mafupa amakumana, komwe acromion sifikako n'komwe, kapena m'kati mwenimweni mwa mtsemphawo. Ernest Codman wa ku Boston anali atanena kale mu 1934 kuti mtsemphawu umawonongeka wokha pamalo ena pafupi ndi pomwe umagwira fupa, ndipo omwe anadzafufuza pambuyo pake anapeza kuti pamalopo magazi amafikapo ochepa. Chingwe chosadya mokwanira chikamagwira ntchito zaka 50, chimatha, kaya pamwamba pake pali mbedza kaya palibe.

Ndipo chimathadi, mwa anthu ambiri omwe sakudziwa n'komwe. Ku Germany mu 1999 anaunika ndi sikani anthu 411 omwe mapewa awo sankawawa. Mwa a zaka 50 mpaka 59, anthu 13 mwa 100 alionse anali ndi mtsempha wong'ambika. Mwa opitirira zaka 80, anali theka. Mutatenga agogo omwe akupalira m'madimba a ku Zolozolo mmawa uno n'kuwaunika, mungapezemo mitsempha yong'ambika mwa anthu omwe khasu akuligwetsa bwinobwino. Kung'ambika kwa mtundu umenewu kuli ngati imvi, kusiyana kwake n'koti kwa ena kumabwera ndi ululu.

Chomwe chinamaliza mkanganowu ndi kuiyesa opaleshoni yeniyeniyo. Ku United Kingdom anatenga odwala 313 a ululu wa pansi pa acromion, omwe mtsempha wawo sunali wobookeratu, n'kuwagawa patatu mwa maere. Ena anawapala fupa. Ena anawagoneka, n'kulowetsa kamera m'phewa, n'kuitulutsa osapala kanthu, eni ake osadziwa. Ena sanawachite chilichonse. Zotsatira zinatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2018: opalidwa ndi ongolowetsedwa kamera anachira mofanana, ndipo onsewo anaposa osachitidwa kanthu ndi pang'ono pokha. Ku Finland anachita zofanana ndipo chaka chomwecho anapeza zomwezo. Mu 2019 gulu la akatswiri linalemba m'magazini ya BMJ kulangiza kuti opaleshoni yopala fupayi isamachitidwe kwa odwala otere. Mnzanuyo sakunama kuti anthu amachira akapalidwa. Amachiradi, koma akapalidwa amapumitsa mkono masabata angapo, amapita ku fiziyo kukalimbitsa minofu, ndipo nthawi imadutsa. Zitatu zimenezi mukhoza kuzipeza osagona pa tebulo la opaleshoni.

Musaganize tsono kuti kapangidwe ka scapula kalibe kanthu. Kali nako, koma maso a akatswiri anachoka pa mbedza n'kupita pa khonde, ndiko kutulukira kunja kwa acromion. Ku Switzerland, Richard Nyffeler ndi anzake anaona mu 2006 kuti anthu ong'ambika mtsempha amakhala ndi acromion yotulukira kwambiri kunja, kuphimba mutu wa fupa la mkono. Mu 2013 Beat Moor, Christian Gerber ndi anzawo a ku Zurich anapeza njira yoyezera zimenezi ndi ngodya imodzi, yomwe anaitcha critical shoulder angle. Pa X-ray yojambulidwa chakutsogolo amalemba mzere kuchokera kunsi kwa kambale kaja kufika pamwamba pake, ndi mzere wina kuchokera kunsi komweko kufika kunsonga yakunja ya acromion, n'kuyeza ngodya ya pakati pake. Mwa anthu a mapewa abwino anapeza madigiri 33, mwa ong'ambika mtsempha 38, ndipo mwa omwe mfundo inaperepeseka ndi nyamakazi 28. Kuchokera pamenepo amati ngodya ikaposa 35 munthu amapendekera ku kung'ambika mtsempha, ikachepera 30 amapendekera ku nyamakazi ya mfundo.

Chifukwa chake si kukhula ayi, ndi kakokedwe. Mnofu waukulu wa pa phewa, deltoid, womwe umapatsa phewa kubulungira kwake, umayambira m'mphepete mwa acromion n'kutsikira pa mkono. Khonde likakhala lalifupi, mnofuwu pokoka umakanikizira mutu wa fupa m'kati, m'kambale, ndipo mfundo imakhala yokhazikika, ngakhale kuti kukanikizako n'komwe kumadzaperepesa mfundo. Khonde likatulukira kwambiri, deltoid imakoka molunjika mmwamba, kufuna kuutsetsereza mutuwo kuti uchoke m'kambale, ndipo kambale nakonso kakakhala kopendekera mmwamba zimanyanyira. Yemwe amalimbana nazo kuti mutu usatsetsereke ndi supraspinatus, kamnofu kakang'ono, nthawi iliyonse mukakweza hamala. Mukudziwa zomwe zimachitika mukatulutsa mapaso kwambiri kunja kwa chipupa popanda mzati: kulemera konse kumathera pa misomali iwiri ya pamtanda. Siizuka tsiku loyamba, koma imayamba kutopa msanga kuposa ya nyumba ya khonde lalifupi.

Ine maganizo amenewa ndimawaona omveka kuposa a mbedza. Komabe sindingakutumeni kuti mukayezetse ngodyayi. Kusiyana kwa phewa labwino ndi lodwala ndi madigiri asanu okha, ndipo X-ray yopendekeka pang'ono ikhoza kuisintha ngodyayo. Alipo ambiri a ngodya yaikulu omwe amakalamba mapewa ali bwino. Imanena za gulu la anthu, sinena za inuyo panokha, ndipo ngakhale mutaidziwa, chithandizo chanu cha miyezi itatu ikubwerayi sichisintha.

Pali kanthu kena kamodzi ka kapangidwe komwe ndimakafufuza pa X-ray ya anthu akuno. Acromion imakula m'zidutswa zomwe zimadzalumikizana munthu akamafika zaka za m'ma 22 mpaka 25. Mwa ena chidutswa chakunsonga sichilumikizana, ndipo timati os acromiale. Pa mafupa osungidwa ku Cleveland ku America anakapeza mwa anthu pafupifupi 8 mwa 100, koma mwa anthu akuda anali 13 pomwe mwa azungu anali 6. Ambiri sikawavutitsa. Ndikungokatchula chifukwa nthawi zina kamaoneka ngati fupa lothyoka n'kuopseza munthu pachabe.

Tibwere kwa inu. Pa zomwe mwalemba, zolemera kuposa mbedza ndi zaka zanu 56 ndi ntchito yomwe manja amakhala pamwamba pa mutu kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Ngati mumasuta, kaya ndudu ya m'sitolo kaya chingambwe, onjezanipo chimenecho, chifukwa fodya amachepetsa magazi omwe ndi ochepa kale pa mtsempha uja, ndipo ngakhale utasokedwa umachedwa kugwira. Shuga nayenso amafooketsa mitsempha komanso amaumitsa phewa, choncho ngati simunayezetse posachedwa kayezetseni.

Poti simunagwe, njira yoyamba ndi fiziyo, ngakhale zitapezeka kuti mtsempha ndi wobooka. Ku America, John Kuhn ndi anzake anatsata odwala opitirira 400 omwe mtsempha unabooka wokha popanda ngozi, n'kuwapatsa mafizo a masabata 6 mpaka 12. Patatha zaka ziwiri, atatu mwa anayi alionse anali asanafune opaleshoni. Bowolo silitsekeka ndi mafizo, ndisakunamizeni. Chomwe chimachitika n'choti minofu itatu yotsala ija ndi yomwe imayendetsa scapula imalimba n'kumaugwira mutu wa fupa pakati pa kambale, ululu n'kuchepa. Pitani ku Mzuzu Central Hospital mukaonane ndi a mafupa, mupemphe akutumizeni ku fiziyo kuti akuonetseni ndi manja awo. Zida zake si zodula. Chubu chakale cha njinga chimakwana: chimangeni pa chogwirira chitseko, chigongono chigunde m'nthiti chitapindika ngati sikweya, n'kumakokera dzanja kunja pang'onopang'ono, kenako kubweza mosathamanga. China, yang'anani chitsekocho n'kukoka chubu ndi manja onse ngati mukupalasa bwato, mafupa a kumbuyo aja akuyandikana. China, tsetserezani dzanja pa chipupa kukwera mpaka pomwe ululu ukuyambira. Kangapo pa tsiku, tsiku lililonse, miyezi itatu. Kuwawa pang'ono pochita n'kololedwa, koma kukakusowetsani tulo usiku umenewo ndiye kuti mwapyola, chepetsani. Ambiri omwe amabwera kudzandiuza kuti fiziyo yalephera amakhala atachita masabata awiri n'kusiya.

Ntchito sindikuuzani kuti musiye, ana adya chiyani. Koma isintheni. Kwezani sikafodi kuti pokhoma hamala izikhala chapachifuwa kapena pamphumi, osati mkono utatambasukiratu mmwamba. Bolodi ya siling'i aziigwira ndi anyamata kapena muziichirikiza ndi mtengo, inu muzingokhoma. Matabwa a ku Zigwagwa musamawaponyere paphewa lodwalalo, ndipo chinthu cholemera muzichinyamula chigongono chili pafupi ndi thupi. Usiku gonerani mbali yabwino mutakumbatira pilo kuti mkono wodwala usagwere kutsogolo. M'miyezi ya June ndi July, Mzuzu ikazizira monga imachitira, nsalu yoviika m'madzi ofunda musanayambe mafizo imathandiza.

Panado ndi poyambira. Ibuprofen kapena diclofenac amathandiza kwa masiku ochepa mutadya, koma osawasandutsa ndiwo, makamaka ngati muli ndi zilonda za m'mimba, BP kapena vuto la impso. Jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, pansi pa acromion amatha kuziziritsa ululu kwa masabata angapo kuti muthe kuchita mafizo. Kamodzi n'kwabwino, koma kubayitsa mobwerezabwereza kumafooketsa mtsempha womwewo, ndipo kwa a shuga amaikweza kwa masiku angapo.

Miyezi itatu ikatha mwachita mokhulupirika koma mkono ukadali wofooka, apo ndiye mpofunika kuuona mtsemphawo. Sikani ya ultrasound, mtundu womwe amaunikira amayi oyembekezera, imaonetsa rotator cuff bwino ikakhala m'manja mwa yemwe anazolowera kuunika mapewa. MRI imaonetsa zambiri, kuphatikizapo ngati mnofu wayamba kusanduka mafuta, ndipo a mafupa ndi omwe angakutumizeni ku Lilongwe, komwe kuli chipatala cha mafupa cha LION pafupi ndi Kamuzu Central Hospital, kapena ku Blantyre. Opaleshoni yomwe ingakambidwe pamenepo ndi yosokerera mtsempha pa fupa, yosiyana ndi yongopala ija, ngakhale dokotala atha kusalaza kanyanga kakakulu ali momwemo. Dziwiranitu kuti ikachitika mkono umakhala m'chokolekera masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo kubwerera padenga kumatenga miyezi yambiri. Kwa mmisiri wodya za tsiku ndi tsiku, miyezi imeneyo iyenera kuwerengeredwa limodzi ndi ndalama za opaleshoni.

Pali nthawi zomwe zonse ndanenazi za kudikira sizigwira. Munthu akagwa pa makwerero, pa njinga yamoto kapena pa sakaramento, njinga ya kabaza ija, kapena phewa likaguluka ali ndi zaka zopitirira 40, ndiyeno mkono womwe dzulo unali bwino lero sukukwera, ameneyo asadikire miyezi itatu ndiponso asataye masabata akutemera mphini. Mtsempha woduka mwadzidzidzi umabwerera m'mbuyo ngati mphira, ndipo umasokeka bwino ukafulumiriridwa. Phewa likatupa n'kutentha thupi likuphwanya, kapena munthu akuwonda ndi kutuluka thukuta usiku, timaganiza za matenda a m'mfundo, TB ya mafupa yomwe. Ululu wotsika kuchokera m'khosi mpaka zala kuchita dzanzi gwero lake ndi khosi. Wa phewa lakumanzere wobwera ndi kulemera pachifuwa ndi befu ndi wa mtima, wothamangira nawo kuchipatala ola lomwelo. Ndipo ngati ngakhale munthu wina atakugwirani mkono kuti aukweze ukukana ndithu, ndiye kuti phewa lauma, matenda ena omwe chithandizo chake n'chosiyana.

Mukabwerera kuchipatala tengani X-ray ija, ndipo m'malo mofunsa za mbedza funsani ngati mpata wa pansi pa acromion wachepa, komanso pemphani akuyezeni mphamvu ya mkono wakumanja poyerekeza ndi wakumanzere. Lakumanzerelo musalijambulitse ngati silikuwawa. Mapewa a munthu mmodzi amakonda kufanana, ndiye mukhoza kukapezakonso mbedza ina n'kuyamba kuda nkhawa ndi phewa lomwe likugwira misomali bwinobwino.